Lusaka–Ndola: mphindi 45 m'mwamba, maola 6 pansi

Kucokera pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ku Lusaka kukafika pa bwalo la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, mtunda wake sukwana makilomita 270 ngati mwatambasula cingwe m'mwamba. Ndeke ikanyamuka imangolunjika kumpoto, ndipo pakapita mphindi 45 kapena kuposerapo pang'ono mawilo amakhala agunda pansi ku Kopala. Pamseu ndi makilomita pafupifupi 320. Kusiyana kwake ndi makilomita 50 cabe, koma aliyense amene anakwerapo basi pa Intercity adziwa kuti nkhani siili pa 50 ameneyo. Mumayembekeza basi idzale, mumakwawa potuluka m'tauni mpaka kupitirira Kabangwe, kenaka mumalondola matiraki a mkuwa ndi a mafuta pa mseu wopapatiza kudutsa Chisamba, Chibombo, Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Maola asanu ngati tsikulo lakukomerani. Asanu ndi limodzi kapena kuposa ngati kutsogolo kwagwa tiraki.

Ambiri a ife tinakulira m'makomboni tikuona ndeke ngati kanthu kodutsa pamwamba pa malata, kopanda nafe nchito. Komabe njira ya m'mwamba imeneyi ili ndi zaka zoposa 100, ndipo mbiri yake ikhudza ngakhale ife amene sitinakwerepo.

Poyamba panalibe amene akanakamba za ulendo wa Lusaka–Ndola, cifukwa matauni onse awiri anali asanakhale matauni. Ndola inayamba ngati boma laling'ono la atsamunda mu 1904. Lusaka inali poima sitima cabe, pamene njanji yocokera kum'mwera inafika mu 1905 pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Njanjiyo inafika ku Broken Hill, kumene ndi ku Kabwe lero, mu 1906, ndipo pofika 1909 inali itadutsa ku Ndola n'kukhudza malire a Congo. Likulu la dziko linali ku Livingstone. Lusaka inadzakhala likulu mu 1935, ndeke zitayamba kale kutera m'dziko muno.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, a Britain anafuna kuti ndeke zizitha kuuluka kucoka ku Cairo mpaka ku Cape Town. Ndeke za nthawi ija zinali kutha mafuta msanga ndipo mainjini anali kuvuta kawirikawiri, conco panafunika timabwalo tambiri m'njira monse. Mu 1919 asilikali a ndeke a ku Britain anabwera kudzasankha malo, ndipo Ndola inalowa pa mndandanda pamodzi ndi Abercorn, imene ndi Mbala lero, Broken Hill ndi Livingstone. Amene munafikako ku Kopala mudziwa ziulu za kumeneko, zina zazitali kuposa nyumba. Amuna mazanamazana a m'midzi yozungulira anagwira nchito miyezi ingapo ndi makasu, nkhwangwa ndi mitanga, kugwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kusalaza ziuluzo. Kuciyambi kwa 1920 ndeke yochedwa Silver Queen II inatera ku Ndola, muli oyendetsa awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand. Patapita masiku ocepa inagwa ponyamuka ku Bulawayo, iwo n'kupulumuka, ndipo anatsiriza ulendowo ndi ndeke ina. Mfumu ya ku Britain inawapatsa ulemu wa Sir. Aja anasalaza ziulu, m'mabuku amangochulidwa ndi nambala.

Mu January 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba maulendo a mlungu ndi mlungu kucoka ku London kupita ku Cape Town, ulendo wa masiku 11. M'dziko muno ndekezo zinali kutera ku Mpika ndi ku Broken Hill. Taganizirani bwino: kalata yocokera ku London yopita kwa munthu wa ku Lusaka inali kutsikira ku Kabwe. Tauni ija inali ndi mgodi wa mtovu ndi zinki, inali ndi anthu a njanji ambiri, ndipo inali khomo la m'mwamba la dziko lonse. Lero mukaika rula pa mapu kucoka pa bwalo la Lusaka kupita ku Ndola, mzere wake udutsa pafupifupi pamwamba penipeni pa Kabwe. Ndeke zimangopitirira. Kabwe inasanduka poimika basi kuti anthu aongole miyendo ndi kugula nkhuku ndi cipisi.

Nkhondo yaciwiri itatha, mu 1946, maboma atatu a atsamunda anapanga kampani imodzi, Central African Airways. Theka la kampaniyo linali la Southern Rhodesia, magawo 35 pa 100 a Northern Rhodesia, magawo 15 a Nyasaland, ndipo likulu linali ku Salisbury, Harare ya lero. Ndeke zake zinali kulumikiza Ndola, Lusaka ndi Salisbury, ndipo kucokera mu 1956 inali ndi ma Viscount, ndeke zothamanga bwino pa nthawi imeneyo. Okwera anali akuluakulu a migodi, abwanamkubwa a boma ndi mabanja ao. Agogo athu ocokera ku Fort Jameson, Katete ndi Petauke nawonso anali kupita ku Kopala zaka zomwezo, koma ao unali ulendo wina. Makilomita mazanamazana a fumbi kukafika ku Lusaka, ena pansi, ena pa malole ndi mabasi a Thatcher and Hobson, kenaka sitima ya kalasi yotsiriza, citupa cili m'thumba. Mkuwa umene anakakumba ndiwo unali kulipira matikiti a aja anali kuwadutsa pamwamba.

Usiku umene unaika Ndola m'mabuku a dziko lonse ndi wa pa 17 September 1961. Mlembi wamkulu wa United Nations, Dag Hammarskjöld wa ku Sweden, ananyamuka ku Léopoldville, Kinshasa ya lero, kubwera ku Ndola kudzakumana ndi Moïse Tshombe, amene anali atapatula cigawo ca Katanga ku dziko la Congo. Asilikali a United Nations anali kumenyana ndi a Tshombe, ndipo Ndola inasankhidwa kaamba kakuti ili pafupi ndi malire koma kunja kwa Congo. Njira yacidule inali yodutsa pamwamba pa Katanga, koma kumeneko kunali ndeke yankhondo ya mtundu wa Fouga imene inali kuvutitsa a United Nations. Conco ndeke ya Hammarskjöld, DC-6 yochedwa Albertina, inazungulira. Inapita kum'mawa ca ku nyanja ya Tanganyika, n'kutembenukira kum'mwera, wailesi ili zii kwa nthawi yaitali kuti adani asaimve.

Cakumapeto kwa ulendowo, pakati pa usiku patangopitirira, anthu amene anali pa bwalo la Ndola anaona nyale zake zikudutsa pamwamba. Inakhota kuti ibwerere kudzatera, ndipo sinaonekenso. Inagwera m'thengo pafupifupi makilomita 15 kumadzulo kwa bwalo. Apa ndiye pamene mbiri imeneyi imandipweteka. Makilomita 15 ndi mtunda umene munthu wa njinga amatha mu ola limodzi. Koma akuluakulu amene anali pa bwalo anaganiza kuti mlendoyo wasintha maganizo n'kupita kwina, bwalo linatsekedwa, ndipo kufunafuna kunayamba mocedwa. Malipoti a boma akamba kuti zidutswa za ndekeyo zinapezeka masana a tsiku lotsatira, patapita maola pafupifupi 15. Mwa anthu 16 amene analimo, mmodzi, Harold Julien, anapezeka akali moyo, atapsa kwambiri ndipo atagona padzuwa nthawi yonseyo. Anamwalira patapita masiku ocepa.

Anthu a kumeneko anaona zambiri usiku umenewo. Otentha malasha amene anali kugona m'thengo pafupi ndi mauvuni ao, komanso okhala m'komboni ya Twapia, anakamba kuti anaona ndeke ina yaing'ono pafupi ndi yaikuluyo, ena anaona moto m'mwamba. Timothy Kankasa, amene anali mlembi wa bungwe loyang'anira Twapia ndipo pambuyo pake anadzakhala nduna m'boma la Kaunda, anapereka umboni wotere. Ofufuza a boma la Federation sanauone ngati kanthu, ndipo mu 1962 anagamula kuti woyendetsa ndeke ndiye analakwa. Ena mwa otentha malasha anamangidwa pa mlandu wakuti anatola katundu pamalo a ngoziyo. Ofufuza a United Nations a caka comweco sanatseke nkhani, anasiya khomo lotsegula. Patapita zaka zoposa 50, United Nations inapatsa nchito yofufuzanso Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania. Iye anawerenganso mau a mboni za ku Ndola mwaulemu, ndipo analemba kuti n'zotheka ndithu kuti ndekeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa kucokera kunja. Anadandaulanso kuti maiko ena akali kubisa mapepala ao.

Zaka zinai pambuyo pake bwalo lomwelo linakhala ngati mphuno yopumira dziko. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti azungu a ku Rhodesia adzilamulira okha. Zambia inali ndi caka cimodzi cabe ca ufulu, ndipo mafuta ake, malasha a m'migodi yake ndi njanji yotulutsira mkuwa zonse zinali kudzera kwa Smith. Britain italetsa mafuta kupita ku Rhodesia mu December, Smith naye anatseka mafuta obwera kuno. Petulo inayamba kugulitsidwa ndi makuponi. Pamenepo maiko anayamba cinthu cimene cimamveka ngati nthano: kunyamula mafuta ndi ndeke, m'madiramu. Ndeke za asilikali a Britain zinali kucokera ku Dar es Salaam ndi ku Nairobi, za ku Canada zinali kucokera ku Léopoldville, ndipo zinali kutsitsa madiramuwo ku Lusaka ndi ku Ndola. Nazonso ndeke zankhondo za Britain za mtundu wa Javelin zinaikidwa pa mabwalo awiriwa kwa miyezi ingapo. Mkuwa wina unali kutuluka ndi ndeke za Hercules kupita ku Dar es Salaam.

Aliyense anadziwa kuti zimenezi sizingapitirire, pakuti ndeke yonyamula mafuta nayo imamwa mafuta, ndipo imamwa maningi. Katundu wambiri anabwerera pansi, pa mseu wa kumpoto wopita ku Tanzania umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run kaamba ka matope ndi ngozi. Yankho lenileni linali paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inayamba nchito mu 1968. Fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inatsatira mu 1973. Mukaona matanka a mafuta ali mdipiti pakati pa Ndola ndi Lusaka, ciyambi cake ndi miyezi ija ya madiramu.

Bwalo lalikulu la Lusaka linatsegulidwa mu 1967. Kale ndeke zinali kutera m'tauni mwenimweni, pa City Airport pafupi ndi Longacres, pamene pali asilikali a ZAF lero. Caka comweco Zambia Airways, imene inayamba mu 1964 ngati mwana wa Central African Airways, inaima payokha mothandizidwa ndi kampani ya ku Italy ya Alitalia. Acikulire akakamba za Zambia Airways amathamangira ku Nkwazi, DC-10 yaikulu imene inabwera mu 1984, ndi maulendo a ku London, Rome, Bombay mpaka New York. Ine cimene ndimasirira m'mbiri imeneyi ndi tindeke tating'ono, ma HS 748 ndipo pambuyo pake ma ATR 42, timene tinali kupita ku Ndola, Chipata, Kasama, Mansa ndi Mongu. Boma la Kaunda linaona ndeke ngati mseu wa boma, cinthu cofunika kufika ku cigawo ciliconse ngakhale phindu likhale locepa. Sikuti aliyense anali kukwera, iyai. Koma wa nchito ya boma wotumidwa ku Chipata, kapena wodwala wotumizidwa ku UTH, anali ndi njira ina kupatula fumbi.

Ulendo wa ku New York unali wokometsera dzina, ndipo nkhongole zinali kukula pansi pake. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira m'ma 1970, kwaca inafooka, pamene zitsulo za ndeke ndi mafuta zinali kugulidwa ndi madola. Mu December 1994, boma la Chiluba, likukankhidwa ndi obwereketsa ndalama akunja, linatseka Zambia Airways. Caka comweco mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa, n'kusiyira ana a kumeneko mtovu m'dothi limene amaseweramo. Posakhalitsa mabasi a boma a UBZ nawo anatha. M'kanthawi kocepa, njira zonse za boma zoyendera pakati pa Lusaka ndi Kopala zinali zitagwa kapena zikudzikoka.

Zotsatira zake zinali makampani obadwa ndi kufa. Aero Zambia inabwera n'kupita. Zambian Airways, imene mizu yake inali mu kampani ya ndeke ya migodi, inaima mu January 2009. Zambezi Airlines sinakhalitse. Amene wapirira ndi Proflight, imene inayamba mu 1991 ndi Tony Irwin, yemwe kale anali woyendetsa ndeke ku Zambia Airways. Ndipo pa 1 December 2021 dzina la Zambia Airways linaukanso, magawo 55 pa 100 ali a boma kudzera mu IDC, 45 ali a Ethiopian Airlines. Maulendo ake oyamba sanali a ku London. Anali a ku Ndola ndi ku Livingstone, ndi ndeke ya mapulopela. Ena anaseka, koma ine ndiona kuti pamenepo anayambira pabwino.

Maina amene tichula lero anabwera mu 2011, pamene a Michael Sata atangolowa m'boma anapatsa mabwalo atatu maina a Kaunda, Kapwepwe ndi Nkumbula. Mu 2021 dzina la Kapwepwe linasamukira ku bwalo latsopano la Ndola, limene linamangidwa ndi kampani ya ku China ya AVIC International pa mtengo wa madola 397 miliyoni, ambiri mwa iwo a nkhongole. Nyumba yatsopano ya pa bwalo la Lusaka, imene inatsegulidwa caka comweco, inadya madola 360 miliyoni. Kumbukirani kuti mu November 2020 dziko lino linali litalephera kale kulipira nkhongole zina zakunja. Bwalo latsopano la Ndola lili kumadzulo kwa tauni, moyandikana ndi cikumbutso ca pamalo pamene Albertina inagwera. Thengo limene akuluakulu analephera kufikako kwa maola 15, lero ndeke zimatera pambali pake tsiku ndi tsiku. Panalinso coseketsa mu April 2021: ndeke ya katundu ya Ethiopian Airlines inasokonezeka n'kutera pa bwalo latsopanolo likali kumangidwa, amisiri ali pa nchito, m'malo mwa lakale. Palibe amene anavulala. Lakalelo, limene linali m'tauni ca ku Itawa, linapatsidwa kwa asilikali ndipo lichedwa Peter Zuze.

Manje tiyeni tiwerenge bwino, cifukwa mphindi 45 zija zimanamiza. Bwalo la Kenneth Kaunda lili pa mtunda wa makilomita oposa 20 kucoka pakati pa tauni, ndipo ngati mukhala ku Kanyama kapena ku Chawama muyenera kuyamba mwalimbana ndi Great East Road. Mufunika kufika ola limodzi ndeke isananyamuke. Mukatera ku Ndola, pali makilomita ena pafupifupi 15 kuti mulowe m'tauni, ndipo ngati mupita ku Kitwe onjezerani. Kucoka pakhomo kufika pakhomo ndi maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Mwapulumutsa maola awiri kapena atatu, koma mwalipira ndalama yokwanira kupita ndi kubwera pa basi kangapo. Pa mtunda waufupi conco ndeke imadula kaamba kakuti mafuta ambiri amathera pokwera m'mwamba, ndipo misonkho ya pa bwalo siyang'ana kuti ulendo ndi wautali bwanji. Ndiye cifukwa cake okwera ambiri ndi aja amene tikiti yao imalipiridwa ndi kampani, migodi kapena boma, komanso amene afuna kulumikiza ndeke yopita kunja.

Cimene okwera ndeke amagula kwenikweni ndi kuthawa mseu uja. Pa 7 February 2013, basi ya Post Bus yocoka ku Ndola kubwera ku Lusaka inaombana ndi tiraki ku Chibombo, ndipo anthu oposa 50 anafa m'mawa umodzi. Dziko linalira masiku atatu. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku pofuna kucepetsa ngozi. Pa wailesi yathu tikatsegula mafoni pa nkhani ya maulendo, sindinamvepo munthu akudandaula za mtengo wa ndeke. Amakamba za tiraki imene inawapanikiza pa Landless Corner, za dalaivala wopitirira pa phiri, za m'bale amene anapita ku maliro ku Luanshya iye n'kubwera m'bokosi. Sitima ya anthu ikaliko pa njanji ija ya 1909, koma imayenda pang'onopang'ono kwakuti ngakhale basi yocedwa imaisiya kutali.

Mseu wa mbali ziwiri wa Lusaka–Ndola unalonjezedwa kalekale. Mu 2017 a Edgar Lungu anayambitsa nchitoyo ndi kampani ya China Jiangxi pa mtengo wa madola 1.2 biliyoni, anthu anakangana kwambiri za mtengowo, ndipo nchito inaima osapita patali. Mu 2023 boma la a Hakainde Hichilema linasaina pangano lina ndi gulu la Macro Ocean Investment Consortium, la madola pafupifupi 650 miliyoni pa makilomita 327, ndipo nchito inayambitsidwa mu 2024. Mabwalo awiri atsopano aja, amene amatumikira anthu ocepa, anadya ndalama zoposa zimenezi ndipo anatha mseu usanayambe.

Gawo lalikulu la ndalama za mseuwu likubwerekedwa ku NAPSA, kutanthauza kuti ndi zija amakudulani pa malipiro mwezi uliwonse ngati muli pa nchito yolembedwa. Zidzabwezedwa kudzera pa ma toll gate, ndipo mwini basi adzaika mtengowo pa tikiti yanu. Panganolo ndi la zaka 25. Amene anali ndi zaka 20 pamene linasainidwa adzakhala ndi zaka 45 pamene mseuwo udzabwerera m'manja mwa boma.